Mfuti zikatulidwa pansi, ana amapita kuti?

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome ku Italy, Joaquim Chissano, pulezidenti wa boma la chipani cha FRELIMO, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la RENAMO limene linkamenyana ndi bomalo, anasaina pangano lothetsa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique. Nkhondoyo inali itatenga zaka pafupifupi 16 ndi miyoyo ya anthu pafupifupi 1 miliyoni. Anthu oposa 1.5 miliyoni anali atathawira m'mayiko oyandikana nawo, ndipo ambiri mwa iwo anali ku Malawi: ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Ku Nsanje zinafika poti alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Zokambirana zinatenga zaka zoposa ziwiri, amkhalapakati ake ali a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio, bishopu wamkulu wa ku Beira, Jaime Gonçalves, ndi nthumwi ya boma la Italy, Mario Raffaelli.

Panganolo linalongosola mwatsatanetsatane za zipani zandale, za chisankho, za kuleka kuomberana, za gulu latsopano la asilikali, ngakhalenso za msonkhano wa mayiko opereka thandizo. Ana ndi sukulu sanapatsidwe mutu wawowawo. Sikuti amene anakhala patebulopo anali ouma mtima. Pangano la mtendere limalembedwa kuti likhazike pansi anthu amene angathe kuyambitsanso nkhondo mawa m'mawa, ndipo mwana wa zaka 9 sangaopseze aliyense lero. Koma mwana yemweyo zaka 10 zikadutsa amakhala ndi zaka 19, ndipo ndiye amene mtsogoleri aliyense wa zigawenga amamufunafuna. Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhani ya sukulu si yoti n'kuisiya kuti idzaganiziridwe zazikulu zikatha. Ndi gawo la mtendere weniweniwo, ndipo ikayendetsedwa molakwika imasunga nkhondo m'mitima mfuti zitaleka kale kulira.

Chifukwa chimene ankaotchera sukulu

Kuti timvetse zimene sukulu ingachite nkhondo itatha, tiyambe taona zimene inali kutanthauza nkhondo ili mkati. Pamene Mozambique inalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Atsamunda a Chipwitikizi anawasiya choncho. Boma la FRELIMO linaika mtima wake wonse pa maphunziro, nduna yake ali Graça Machel, amene anakhala paudindowo kuyambira 1975 mpaka 1989. M'zaka zochepa chabe chiwerengero cha ana a pulayimale chinawirikiza pafupifupi kawiri. Pulezidenti woyamba wa dzikolo, Samora Machel, ankanena poyera kuti sukulu ikhale maziko oti anthu atengerepo ulamuliro.

Koma sukulu yomweyo inabwera kumudzi pamodzi ndi zina zimene anthu ambiri sanazikonde. Inabwera ndi midzi yokakamiza imene boma linkasonkhanitsiramo anthu kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Inabwera ndi kuchotsedwa mphamvu kwa mafumu, ndi kunyozedwa kwa miyambo ndi asing'anga ngati zinthu zamumdima. Phunziro lililonse linali m'Chipwitikizi, chinenero chimene mwana wa ku Angónia kapena ku Gorongosa sankachimva pakhomo. Kumadera ambiri akumidzi, mphunzitsi ndi namwino ndiwo anali nkhope ya boma imene munthu akanatha kuiona ndi maso.

RENAMO, imene inayamba ndi thandizo la akazitape a Rhodesia kenako n'kumathandizidwa ndi boma la tsankho la South Africa, inadziwa zimenezi bwino lomwe. Anthu a m'malire ankawatchula kuti Matsanga, kuchokera ku dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Akalowa m'mudzi, sukulu ndi chipatala ndizo ankayamba kuyatsa. Aphunzitsi ankaphedwa, kudulidwa ziwalo kapena kugwidwa. Pofika kumapeto kwa nkhondo, sukulu za pulayimale zoposa theka m'dziko lonse zinali zitaonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo zigawo zapakati monga Tete ndi Zambézia ndizo zinapwetekeka kwambiri. Choncho kumanganso sukulu pambuyo pa 1992 sikunali nkhani ya njerwa ndi malata okha. Kunali kubwerera kwa boma kumalo amene anthu ena ankaliona ngati mdani, ndipo anthuwo ankayang'anitsitsa kuti labwera ndi mtima wotani.

Mnyamata amene anagwirapo mfuti

Gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ, motsogozedwa ndi Aldo Ajello, linayang'anira ntchito yotula pansi zida. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anabwerera kwawo. Aliyense analandira makasu, mbewu, thiransipoti yopita kumudzi, ndi kandalama ka pamwezi kwa zaka ziwiri. Ndondomeko imeneyi inagwira ntchito yake: amuna onyamula mfuti anamwazikana ndipo chisankho cha Okutobala 1994 chinachitika mwabata.

Ana sanali m'kaundula ameneyu. Palibe mbali imene inkafuna kuvomereza kuti inali ndi ana m'magulu ake ankhondo, choncho osakwana msinkhu sanawerengedwe ngati asilikali oyenera kulandira kanthu. Ntchito yowapezera abale awo inasiyidwa m'manja mwa mabungwe monga UNICEF, Red Cross ndi Save the Children. Atsikana amene anagwidwa kuti azisenza katundu, kuphika ndi kukhala akazi a akuluakulu a nkhondo anaiwalika kotheratu, chifukwa analibe mfuti yoti apereke. Ambiri anabwerera ali ndi ana kumsana, ndipo panalibe kalasi imene ikanawalandira.

Pali gulu limodzi la anyamata limene mbiri yake inalondolozedwa kwa nthawi yaitali. Mu 1988, nkhondo ikadali mkati, anyamata 39 amene anathawa kapena kulanditsidwa kwa RENAMO anasungidwa pamalo otchedwa Lhanguene mumzinda wa Maputo. Katswiri wa za maganizo a ana, Neil Boothby, ndi anzake anawatsatira kwa zaka 16. Ambiri anadzakhala abambo odalirika, osamala mabanja awo, olemekezeka pamudzi, ngakhale zimene anaona kutchire sizinawachoke m'maganizo. Chimene chinawathandiza kwambiri n'chakuti abale ndi mudzi anawalandira, ndiponso kuti anapeza chochita ndi manja awo. Sukulu wamba ambiri sanakhalitsemo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Taganizirani mnyamata wa zaka 16 amene analamulapo anzake kutchire, lero akuuzidwa kuti akhale pansi ndi ana a zaka 7 n'kumaimba a, e, i, o, u. Mawu ake ndi a bambo, miyendo siikwana pabenchi, ndipo anzakewo akudziwa zimene anachita chifukwa makolo awo anawanong'oneza. Kunyumba kulibe chakudya, amayi akumuyang'ana kuti apite kumunda kapena akapeze ganyu. Atha milungu ingati m'kalasimo? Amene amakonza ndondomeko m'maofesi kawirikawiri amaganiza kuti kutsegula chitseko cha sukulu n'kokwanira. Kwa mwana amene nkhondo inamubera zaka zisanu, chitseko chimenecho chimakhala chotseguka koma chosalowereka.

Midzi ya ku Mozambique inali ndi njira yakeyake imene inayamba sukulu isanabwere. Alcinda Honwana, katswiri wa chikhalidwe wa dziko lomwelo, analemba za miyambo yosambitsa obwera kunkhondo. Mwana asanalowe m'nyumba, sing'anga kapena akuluakulu a banja ankamusambitsa ndi mankhwala, zovala zake za kutchire zinkaotchedwa, mizimu ya makolo inkauzidwa kuti mwana wabwera. Cholinga chinali kumuchotsa mizimu ya anthu amene anafa m'manja mwake kuti isalowe naye pakhomo. Mwambo ukatha, nkhani ya kutchire sinkatchulidwanso. Munthu akhoza kukhulupirira za mizimu kapena ayi, koma ntchito ya mwambowu inali yooneka: mudzi wonse unkavomereza pamaso pa aliyense kuti uyu ndi mwana wathu tsopano. Mphunzitsi yekha sangapereke chilolezo chotere. Mwana amene mudzi sunamulandire, ngakhale mutamulembetsa sukulu ndi kumugulira yunifolomu, amakhalabe woopedwa m'kalasi.

Dziko la Sierra Leone linayesa kuphunzirapo kanthu. Pangano la ku Lomé la pa 7 Julayi 1999 linatchula ana ogwira mfuti mwachindunji, ndipo linalonjeza maphunziro aulere a zaka 9 zoyambirira. Panganolo linasweka, nkhondo inadzatha mu Januwale 2002, koma mawuwo anali atalembedwa ndipo anapatsa mabungwe poyambira. Ana oposa 6,000 anachotsedwa m'magulu ankhondo mwa ndondomeko. Kunakhazikitsidwa maphunziro othamanga otchedwa CREPS, amene ankapanikiza zaka 6 za pulayimale m'zaka 3, kuti opitirira msinkhu aphunzire ndi amsinkhu anzawo. Nzeru ina imene ndimaiyamikira kwambiri inali iyi: mmalo mopatsa fizi mwana amene anali msilikali yekhayo, ankapereka mabuku ndi zipangizo kusukulu yonse imene yamulandira. Mukapatsa mphatso yekhayo amene ananyamula mfuti, mwana amene makolo ake anaphedwa amaona kuti kupha kuli ndi malipiro. Mukapatsa sukulu yonse, wobwera kunkhondo uja amasanduka munthu amene wabweretsa makope. Komabe ngakhale kumeneko atsikana ambiri anatsala kunja.

Kuphunzira uli kothawira

Mbali imodzi imene inayenda bwinoko inachitikira m'misasa ya othawa nkhondo. Ku Malawi ndi ku Zimbabwe, ana ambiri a ku Mozambique ankaphunzira silabasi ya kwawo, m'Chipwitikizi, ndi aphunzitsi amene anali othawa anzawo. Ku Dedza kapena ku Ntcheu, kumene malire ndi msewu chabe ndipo tsidya lino ndi tsidya lija amalankhula chinenero chimodzi, zikanaoneka zophweka kungowalowetsa m'sukulu za m'mudzi. Ena analowadi choncho. Koma maganizo aakulu anali akuti ana awa adzabwerera, ndiye pobwererapo akapitirize pamene analekezera. Pakati pa 1993 ndi 1995 anthu ochuluka zedi anabwereradi, ndipo m'maboma amene sukulu zonse zinali zitagwa, ena mwa ophunzira ndi aphunzitsi a m'misasa ndiwo anayambitsanso makalasi pansi pa mitengo.

Kholo limene lili kumsasa silifunsa kaye zimene zalembedwa m'pangano. Limafunsa ngati kumudzi kulibe mabomba okwiriridwa m'nthaka, ngati kuli madzi, ngati sukulu yatsegulidwa. Sukulu ikatsegulidwa, ndiye kuti pali anthu amene akukhulupirira kuti chaka chamawa chidzafika mwamtendere. Palibe amene amalembetsa mwana Sitandade 1 akuyembekeza kuthawa mwezi wamawa.

Denga limodzi, makomo awiri

Kutsegula sukulu n'chinthu chimodzi, koma amene akhala pabenchi limodzi ndi nkhani ina. Chitsanzo chopweteka kwambiri chili ku Bosnia ndi Herzegovina. Pangano la ku Dayton la 1995 linathetsa nkhondo ya Abosniak, Aserbu ndi Akroati, koma nalonso silinakonze za maphunziro. Mphamvu zoyendetsera sukulu zinagawidwa ku zigawo ndi timaboma ting'onoting'ono, kumene mtundu wochuluka pamalopo ndiwo unkalamula. Mapeto ake dziko limodzi linakhala ndi masilabasi atatu, aliyense ndi mbiri yake ya nkhondo yomweyo, aliyense akuonetsa mtundu wake ngati wolakwiridwa.

Pofuna kuti mabanja othawa abwerere kumidzi kumene mtundu wina unali utachuluka, kunayambika ndondomeko imene imatchedwa sukulu ziwiri pansi pa denga limodzi. Ana a Akroati ndi a Abosniak amaphunzira m'nyumba imodzi, koma ndi aphunzitsi osiyana, mabuku osiyana, nthawi zina makomo olowera osiyana kapena nthawi yolowera yosiyana. Inayambika ngati yongoyembekezera, kuti makolo amantha alimbe mtima. Lero, patatha zaka zoposa 20, sukulu zoterezi zilipobe zoposa 50, ngakhale khoti lalikulu la chigawo chimene kuli sukuluzi linagamula mu 2014 kuti mchitidwewu ndi tsankho. Andale a mitundu yonse amapindula nawo, chifukwa mwana wokulira m'kalasi ya mtundu umodzi amadzavotera chipani cha mtundu umodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti amene anakana mwamphamvu anali ana eni ake. M'tauni ya Jajce, mu 2016 ndi 2017, ophunzira a sekondale anachita zionetsero kukana kuti awagawe, ndipo akuluakulu anabweza ganizo lawo.

Ku Northern Ireland, pangano la Good Friday la pa 10 Epulo 1998 linatchula poyera kufunika kwa sukulu zophunzirira pamodzi Akatolika ndi Apulotesitanti. Sukulu yoyamba yotere, Lagan College, anaiyambitsa makolo okha mu 1981 ndi ana 28. Mpaka pano ana ophunzira m'sukulu zosakaniza sakwana 10 mwa 100 alionse. Kulemba mawu m'pangano kumathandiza, koma sikusamutsa mwana m'kalasi ina kupita naye ina.

Phunziro la mbiri yakale

Masamu savuta kugwirizana. Chovuta ndi phunziro la mbiri, chifukwa mphunzitsi amaima kutsogolo kwa ana amene abambo awo ankaomberana, ndipo ayenera kunena kanthu.

Ku Rwanda, sukulu inali mbali ya vuto lenilenilo 1994 isanafike. Malo a sekondale ankagawidwa motengera mtundu ndi chigawo, aphunzitsi ankaimiritsa ana m'kalasi kuti Ahutu adziwike ndi Atutsi adziwike, ndipo mabuku ankaphunzitsa kuti Atutsi ndi obwera. Anthu pafupifupi 800,000 ataphedwa m'miyezi itatu, boma latsopano linaimitsa kuphunzitsa mbiri ya dzikolo kwa zaka zoposa 10. Itabwerera, inabwera ndi nkhani imodzi yovomerezeka: tonse ndife Anyarwanda, kugawanika kunadza ndi atsamunda. Uthengawu uli ndi mphamvu yake. Mu Malichi 1997, zigawenga zinalowa pasukulu ya sekondale ya Nyange usiku n'kulamula ophunzira kuti apatukane, Ahutu uku, Atutsi uku. Anawo anakana, ena anaphedwa, ndipo lero amalemekezedwa ngati ngwazi za dziko. Koma nkhani imodzi yosaloledwa kufunsidwa ili ndi mtengo wake. Mwana amene kwawo amamva zosiyana, mwina za abale amene anaphedwa ndi asilikali a mbali imene inapambana, amaphunzira kuyankha mayeso mwanjira ina n'kusunga mumtima zina.

Mozambique inasankha kukhala chete. Nyumba ya malamulo inakhululukira onse mu Okutobala 1992, sipanakhale komiti yofufuza choonadi, ndipo palibe amene anazengedwa mlandu. Anthu ambiri anavomereza chifukwa anali atatopa, ndiponso zinkagwirizana ndi mwambo uja wakuti zakutchire zisatchulidwe. Mabuku a sukulu anapitiriza kutamanda nkhondo yomenyera ufulu ya FRELIMO, pamene zaka 16 zija ankangozikhudza pang'ono, makamaka ngati chipwirikiti chotumidwa ndi mayiko akunja. Mbali imeneyo ndi yoona, Rhodesia ndi South Africa anaikamodi dzanja. Koma sifotokoza chifukwa chimene pachisankho cha 1994 RENAMO inapezera mipando 112 mwa 250, n'kutsogola ku Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula. Mwana wa ku Sofala amene makolo ake anavotera Dhlakama sapeza m'buku chilichonse chomuuza kuti makolo akewo anali ndi madandaulo enieni. Ku Gorongosa, katswiri wofufuza Victor Igreja analemba za mizimu yotchedwa magamba, ya asilikali akufa, imene inayamba kugwira anthu patapita zaka nkhondo itatha n'kukakamiza mabanja kunena poyera zimene zinachitika. Zimene buku linakana kunena zinatulukira kwina.

Maganizo anga ndi akuti kukhala chete kumagwira ntchito pa mbadwo umene unaona nkhondo ndi maso, chifukwa iwowo akudziwa chimene akuchithawa. Ana awo sakudziwa. Amamva zidutswa, za mbali imodzi, kuchokera kwa amalume owawidwa mtima. Chimene sukulu ingachite, chimene pakhomo sichingatheke, ndi kuika nkhani za mbali zonse ziwiri patsogolo pa ana a mbali zonse ziwiri, pali wamkulu wophunzitsidwa kuugwira mtima mkangano ukabuka. Izi zimafuna aphunzitsi osulidwa bwino ndiponso otetezedwa, chifukwa mphunzitsi amene akuopa kuchotsedwa ntchito amangolemba zapabolodi n'kutuluka.

Zimene zinasintha, ndi kumene sizinafike

Zowawa za ku Mozambique zinasintha momwe dziko lonse lapansi limaonera nkhaniyi. Mu 1996 Graça Machel anapereka ku United Nations lipoti lake lonena za mmene nkhondo imakhudzira ana. Ananena kuti maphunziro asamadikire kuti nkhondo ithe, koma aziperekedwa pamodzi ndi chakudya, madzi ndi mankhwala, ndiponso kuti mapangano a mtendere azitchula ana. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa udindo wa nthumwi yapadera yoona za ana ndi nkhondo, woyamba kuugwira ali Olara Otunnu wa ku Uganda. Mu 2015 ku Oslo mayiko anayamba kusaina lonjezo lakuti asilikali asamasandutse sukulu kukhala misasa yawo.

Ku Mozambique komweko zinthu zinayendanso. Mu 2003 boma linayamba kulola kuti m'sukulu zina ana ayambe kuphunzira m'chinenero chakwawo, kuphatikizapo Chinyanja, asanalowe m'Chipwitikizi. Fizi ya pulayimale inachotsedwa cha m'ma 2004 ndi 2005, ndipo ana anadzaza makalasi kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi 1992. Zimenezi si zazing'ono.

Koma chiwerengero cha dziko lonse chimabisa kumene phindu linapita. Sukulu zabwino, masekondale ndi ntchito zinachulukira kummwera, kufupi ndi Maputo, pamene pakati ndi kumpoto ana ambiri amasiya asanamalize pulayimale, ena osatha kuwerenga. Kuomberana pakati pa boma ndi RENAMO kunabukanso kuyambira 2013, ndipo mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anawolokanso malire kudzafika ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako n'kusamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno. Pangano lina linasainidwa pa 6 Ogasiti 2019 ndi pulezidenti wa nthawiyo, Filipe Nyusi, ndi mtsogoleri wa RENAMO, Ossufo Momade.

Pa nthawiyo moto wina unali utayaka kale. Pa 5 Okutobala 2017 gulu la zigawenga linaukira tauni ya Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado, chigawo chokhala ndi gasi ndi miyala yamtengo wapatali koma chimene chili m'gulu la zigawo zotsalira kwambiri pa maphunziro. Zifukwa za nkhondoyi n'zambiri, ndipo kungakhale kunama kunena kuti sukulu yokha ikanaipewa. Komabe ambiri mwa amene ananyamula zida ndi achinyamata obadwa pambuyo pa 1992, ana a mtendere wa ku Rome, amene anakula akuona chuma chikutuluka m'dera lawo iwo alibe satifiketi yoti n'kupezera ntchito. Asanayambe kuwombera, atsogoleri a gululo ankauza makolo kuti achotse ana m'sukulu za boma. Atayamba, anaotcha sukulu, aphunzitsi anathawa, anthu mazanamazana a masauzande anasiya midzi yawo, ndipo anyamata ndi atsikana akugwidwa kupita nawo kutchire. Tsiku limene akuluakulu adzakhale pansi kukambirana za Cabo Delgado, ana ogwidwawo adzafunika kulembedwa m'kaundula, atsikana pamodzi ndi anyamata, okhala ndi mfuti ndi opanda mfuti, ndipo padzafunika ndalama zolembedwa m'panganomo za makalasi a opitirira msinkhu m'Chimwani, Chimakonde ndi Chimakhuwa.